Achimwene afunsa: kodi ndi fodya amene akundithothola tsitsi?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mnyamata wina wa zaka 24 amene amagwira ntchito ku Lilongwe, dzina sinditchula poti mwini wake anapempha choncho. Mwachidule nkhani yake ili motere. Anayamba kusuta ali Fomu 3, pofika chaka chatha amatha ndudu 8 kapena 10 patsiku, kenako anasinthira ku vape, kachipangizo ka batire kotulutsa nthunzi yokoka m'malo mwa utsi, atamva kuti ndiye yabwinoko, ndipo kumathero a sabata amakokako shisha, fodya wokokera pa paipi utsi utadutsa m'madzi, ndi anzake. Tsiku lina wometa wake anamuuza kuti "bwana, layini yanuyitu ikubwerera m'mbuyo", iye atadzijambula ndi foni anaona kuti m'makona mwa chipumi mwalowadi ndipo paliwombo payamba kuonekera khungu. Chibwenzi chake chikuti ndi fodya basi. Bambo ake alibe dazi. Ndiye akufunsa kuti kodi ndi nikotini, mankhwala a mu fodya opatsa chibaba aja, akuchita zimenezi, akasiya tsitsilo limeranso, nanga vape ija si ndiye inali yothawirako?

Achimwene, zikomo pondiuza zakukhosi. Ndikudziwa kuti nkhani imeneyi anyamata saikamba pagulu chifukwa ukangoyamba anzako amangoseka nkumati dazi ndi chizindikiro cha chuma, pamene iwe mumtima zikukupweteka, wayamba kuvala kapu ngakhale m'nyumba, zithunzi ukuthawa. Pa zaka 24 zimenezi zimawawa ndithu ndipo palibe chifukwa chochitira manyazi.

Yankho langa ndi lakuti malo amene mwatchulawo, m'makona ndi paliwombo, ndi malo a dazi lakumtundu, ndiye mbewu yake munabadwa nayo. Koma fodya ndi amene angakhale akulithamangitsa, dazi loti mwina likanabwera muli ndi zaka 40 nkukupezani pano. Mbewuyo simungaisinthe, koma liwiro lakelo muli nalo chochita.

Za bambo anuzo zisakupusitseni. Imodzi mwa majini akuluakulu a dazi, tinthu ta m'maselo timene timatengera kwa makolo, imakhala pa kachingwe konyamula majini kotchedwa chromosome X, ndipo mwana wamwamuna X wake amatenga kwa mayi basi. Ndiye yang'anani amalume anu, yang'anani agogo aamuna obereka mayi anu, mitu yawo ili bwanji? Kuchimuna nakonso kumathandizira, majini ake ndi ambiri, koma anthu ambiri amangoyang'ana bambo nkumati ife kwathu kulibe dazi, pomwe amalume awo onse atatu mitu ili ngee. Chimachitika ndi chakuti thupi limasandutsa testosterone, homoni yachimuna ija, kukhala homoni ina yotchedwa DHT, ndiye kwa munthu amene anatengera mtundu umenewu mizu ya tsitsi ya kutsogolo ndi pamwamba imamva kwambiri DHT ameneyu, imayamba kufota pang'onopang'ono, tsitsi lililonse latsopano limatuluka lopyapyala ndi lalifupi kuposa lomwe lathothoka, mpaka kumangotsala timaubweya tosaoneka. La kunkhongo ndi m'mbali silimva DHT, nchifukwa chake madala adazi amakhalabe ndi tsitsi kuzungulira kumbuyoku. Wasayansi wina wa ku America, James Hamilton, anaonetsa kale mu 1942 kuti amuna amene anafulidwa asanathe msinkhu sachita dazi, koma akapatsidwa testosterone, amene kwawo kuli dazi amayamba kuthothoka. Ndiye mizu ya nkhaniyi ndi mtundu ndi mahomoni.

Tsopano fodya akulowa pati? Pano ndiye ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene pagona funso lanu.

Ku Egypt anachita kafukufuku pa amuna 1,000 a zaka 20 mpaka 35, anthu a msinkhu wanu ndendende, 500 osuta ndi 500 osasuta. Mwa osutawo 425 anawapeza ndi zizindikiro za dazi, mwa osasutawo anali 200. Ndipo si kuchuluka kokha, osutawo ambiri dazi lawo linali litafika patali pamene osasutawo ambiri linali longoyamba kumene. Ku Taiwan mu 2007 anayeza amuna 740, awa anali achikulire a zaka 40 kupita m'tsogolo, ndipo anapeza kuti amene amasuta ndudu 20 kapena kuposa patsiku ndi amene amapezeka kwambiri ndi dazi lalikulu, ngakhale atachotserapo za msinkhu ndi za kumtundu. Kenako mu 2024 akatswiri ena a ku Canada anasonkhanitsa akafukufuku 8 a m'mayiko osiyanasiyana nkuwawerengera pamodzi, zinatuluka kuti mwamuna amene anasutapo mpata wake wochita dazi ndi wokwera pafupifupi ka 1.8 poyerekeza ndi amene sanasutepo, ndipo zimaipirapo kwa amene amafika ndudu 10 patsiku. Achimwene, ndudu 10 patsiku ndi pamene munali inu chaka chatha. Imvi nazonso zili momwemo, ku Jordan mu 2013 anapeza kuti osuta amachita imvi asanafike zaka 30 mowirikiza pafupifupi ka 2.5 kuposa osasuta.

Ndikuuzeninso mbali inayo kuti ndisakunamizeni. Akafukufuku amenewa amangoyerekeza magulu a anthu, palibe amene anatenga anyamata nkuwauza kuti inu sutani zaka khumi tione mitu yanu. Ndipo munthu wosuta nthawi zambiri ndi yemweyo amamwa, amagona mochedwa, amadumpha chakudya, ali ndi nkhawa, ndiye kulekanitsa kuti apa ndi fodya apa ndi zinazo kumavuta. Aliponso akafukufuku ena amene sanapeze kugwirizana kulikonse. Koma ine ndikaona kuti ku Egypt, ku Taiwan, ndi kwina konseko muvi ukuloza mbali imodzi, komanso kuti ndudu zikachuluka dazi nalo likukula, ndiye kuphatikiza ndi zimene tikudziwa bwinobwino za mmene fodya amachitira ndi khungu, ndimakhutira kuti chibwenzi chanu chija sichikulakwitsa kwenikweni.

Taganizirani mmene muzu wa tsitsi ulili. Pansi penipeni pa muzu uliwonse pali timitsempha ta magazi tating'onoting'ono kwambiri, ndipo maselo a pamenepo ndi ena mwa amene amagawikana mwachangu kwambiri m'thupi lonse, nchifukwa chake mankhwala a khansa amathothola tsitsi, amakantha chilichonse chomwe chikukula mwaliwiro. Chinthu chokula choncho chimafuna chakudya ndi okosijeni osadukiza. Nikotini ntchito yake imodzi yodziwika ndi kufinya timitsempha ta pakhungu. Inu nomwe mukudziwa, mukamaliza ndudu nsonga za zala zimazizira, amenewo ndi magazi achepa kunjaku. Zomwezo zikuchitika m'mutu, kakhumi patsiku, chaka ndi chaka. Madokotala ochita opaleshoni amadziwa zimenezi, nchifukwa chake amauza wodwala kuti asiye fodya milungu inayi opaleshoni isanachitike, chilonda cha munthu wosuta chimachedwa kupola, ndipo amene amadzala tsitsi m'mutu mwa anthu nawo amanena zomwezo kuopa kuti mizu yodzalidwayo ingalephere kugwira. Ndiye muzu woti DHT waufooketsa kale, mukuuchepetseranso madzi. Zili ngati chimanga cha pamchenga chopanda feteleza, kenako ng'amba ya mu Januwale nkubwera, cha padambo chipirira koma icho chiyamba kupota masamba.

Utsi wa ndudu umaonjezera zake. Muli makemikolo opitirira 7,000, muli mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide amene amakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni ka 200 ndi kupitirira, ndiye magazi ochepa omwe afika kumuzuwo afikanso atanyamula mpweya wochepa. Mulinso tinthu timene timaononga maselo ndi kuyambitsa kutupa kosaoneka kuzungulira muzu. Ndipo nikotini amakalowa mpaka m'tsitsi lenilenilo, moti asayansi akafuna kudziwa kuti munthu wakhala akupuma utsi wochuluka bwanji amangodula tsitsi nkuliyeza, sentimita imodzi ya kufupi ndi khungu imawauza za mwezi wathawu.

Za vape. Akafukufuku onse ndatchulawa ndi a ndudu, vape yabwera posachedwa. Chimene vape yachotsa ndi kuyaka, ndiye phula ndi carbon monoxide zachepa kwambiri, zimenezo nzoona ndipo sindikuuzani kuti mubwerere ku ndudu, ayi ndithu musabwerere. Koma nikotini alimo, ndipo kawirikawiri wambiri. Taonani pa kabokosi kanu, ngati palembedwa 5% ndiye kuti ndi mamiligalamu 50 pa mililita imodzi, pamene ku Britain ndi mayiko a European Union lamulo limaletsa kupitirira 20. Ndudu imodzi imalowetsa m'thupi pafupifupi miligalamu imodzi basi. Komanso ndudu imatha, umayenera kutuluka panja, kuyatsa, kumaliza, kutaya. Vape ilibe pothera, ili m'thumba, umakoka uli pabedi, uli pa WhatsApp, uli m'bafa, sinunkha ndiye palibe okudzudzula, mapeto ake timitsempha tija sitipeza mpata wopuma tsiku lonse. Mu imelo yanu mwanena nokha kuti mumagona nayo pansi pa pilo. Ine pamenepo ndi pamene ndinada nkhawa kuposa pa nkhani ya tsitsiyo.

Amene amaganiza kuti nikotini payekha ndi kanthu kofatsa sanathyolepo fodya. Ife tinakulira ku Kasungu timadziwa, ukalowa m'munda m'mawa mame asanaume nkumathyola masamba a bale utawakumbatira pachifuwa kupita nawo kuchigafa, pofika masana mutu waukulu, chizungulire, nseru, ena mpaka kusanza, osasutako ndudu ngakhale imodzi. Amene uja ndi nikotini wolowera pakhungu, madokotala amati green tobacco sickness. Akuluakulu ankangoti fodya wakuledzeretsa, khala pamthunzi. Ndi mankhwala amphamvu amene chomeracho chimapanga kuti tizilombo tisachidye, ndipo kale anthu ankapopera mbewu ndi nikotini yemweyu. Ndiye kaya alowa ndi ndudu, kaya chingambwe, kaya fodya wamphuno, kaya timapaketi toika kunkhama tija, mitsempha siisankha.

Shisha musaiyese yopepuka chifukwa utsi wadutsa m'madzi ndipo ukununkhira apozi. Madzi aja amangoziziritsa utsi kuti muukoke wambiri osatsokomola. Bungwe la WHO linachenjeza kale mu 2005 kuti kukhala pa shisha ola limodzi munthu amatha kukoka utsi wochuluka ngati wa ndudu 100 kapena kuposa, ndiye palinso makala aja pamwamba amene akukupatsani carbon monoxide wawo. Loweruka limodzi lotere likubwezeretsa zambiri zimene mumati mwathawa posiya ndudu.

Musanathamangire kugula chilichonse, onetsetsani kaye kuti ndi dazi lakumtundudi, chifukwa tsitsi limathothoka pa zifukwa zambiri ndipo zina nzosavuta kuchiza. Munthu aliyense amataya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku, zimenezo si matenda. Ngati munadwala malungo aakulu kapena taifodi, munachitidwa opaleshoni, munaferedwa, kapena munaonda mwadzidzidzi, pakatha miyezi iwiri kapena itatu tsitsi limatha kuyoyoka mutu wonse, koma limeneli limabwerera lokha. Kuchepa kwa magazi ndi vuto la chithokomiro zimachitanso chimodzimodzi. Ngati pali zigamba zozungulira zoyabwa zotuwa, chingakhale chipere, ndipo chimenecho mashini ometera osapukutidwa bwino amafalitsa, chimafuna mankhwala akumwa osati odzola okha. Zigamba zozungulira zosalala bwino zosayabwa ndi matenda ena a chitetezo cha m'thupi. Ndipo ndinene mosabisa poti ndife akuluakulu, chindoko chikafika gawo lachiwiri chimathothola tsitsi mwa apa ndi apo ngati ladyedwa ndi njenjete, kuyezetsa magazi nkosavuta ndipo chimachizika ndi jakisoni. Ku Kamuzu Central kuli kiliniki ya matenda a pakhungu, ku Queens ku Blantyre ilikonso, kapena yambirani pachipatala chomwe muli nacho pafupi akutumizeni. Alongo athu amene mukuwerenga nawo, kwa inu chimene chimadya tsitsi la kutsogolo kawirikawiri ndi kuluka kokoka kwambiri, mesh yolemera, makamaka pa tsitsi lowotcha ndi mankhwala. Pulofesa Nonhlanhla Khumalo atayeza anthu ku Cape Town anapeza vuto limeneli mwa amayi pafupifupi atatu pa khumi alionse. Mukaphatikizapo shisha ndiye muzu womwewo ukumenyedwa mbali ziwiri.

Funso lanu lovuta lija, ndikasiya limeranso? Ndikuyankhani mmene ndingayankhire mng'ono wanga weniweni. Pamene pasalala kale kwa zaka, kusiya fodya pakokha sikudzabweza tsitsi, ndipo amene angakulonjezeni zimenezo akufuna ndalama zanu. Koma inu mwayamba kuona zimenezi miyezi yochepa yapitayi, kutanthauza kuti mizu yambiri ikadali moyo, yangofooka. Imeneyo ndiye yofunika kuipulumutsa ndipo nthawi yake ndi inoyi, osati mukadzafika 30. Mukasiya, carbon monoxide amatsika m'magazi pasanathe tsiku, kayendedwe ka magazi kamayamba kusintha pakati pa milungu 2 ndi 12. Tsitsi lokha ndi lochedwa, limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, lathuli mwinanso kuchepera apo, ndipo limene likugwa lero linasiya kukula miyezi itatu yapitayo. Ndiye mukasiya fodya mwezi uno nkuona kuti mwezi wamawa likugwabe, musanene kuti ndasiya pachabe nkubwerera. Jambulani mutu wanu lero, kutsogolo ndi pamwamba, pamalo amodzi owala bwino, tsitsi lili pa saizi imodzi, mudzajambulenso pakatha miyezi itatu, kenako isanu ndi umodzi. Pagalasi tsiku ndi tsiku mungodzipatsa nkhawa.

Mankhwala amene anayesedwa bwino pa dazi lakumtundu ndi awiri. Minoxidil ndi wodzola m'mutu, anayamba ngati mankhwala a BP kenako anaona kuti odwala akumera tsitsi, ndipo ku America anamuvomereza ngati mankhwala a dazi mu 1988. Taonani kuti iyeyu ndi mankhwala otsegula mitsempha ya magazi, ndiye kudzola minoxidil uku mukukoka vape kuli ngati kutunga madzi ndi ndowa yobooka. Amafuna kudzola tsiku lililonse, milungu yoyamba tsitsi limatha kugwa kwambiri musadabwe, zotsatira zimaoneka pakatha miyezi inayi kapena isanu ndi umodzi, ndipo mukasiya zimene munapindula zimapita. Winayo ndi finasteride, piritsi la miligalamu imodzi limene linavomerezedwa mu 1997, limachepetsa DHT mwachindunji. Limeneli musagule mwa nokha kwa anthu a pa Facebook, kambiranani ndi dokotala, chifukwa amuna ena ochepa limawachepetsera chilakolako ndi mphamvu kuchipinda, ena limawasokoneza maganizo, ndipo mayi woyembekezera sayenera kugwira piritsi lophwanyika. Mafuta a nsatsi, anyezi, adyo, mankhwala otsukira mano ndi timabotolo topanda dzina tija akutsatsa m'magulu a WhatsApp, sungani ndalama zanu, zina zimawotcha khungu nkusiya chipsera ndipo pachipsera tsitsi silimeranso mpaka kalekale.

Kusiyako ndiye ntchito, sindikunamizani, poti mwayamba muli mwana ubongo ukadakula ndipo nikotini amafika ku ubongo m'masekondi 10 mpaka 20 chikokereni, thupi linazolowera malipiro achangu. Masiku atatu oyamba ndi amene amavuta kwambiri, kupsa mtima, kusowa tulo, mutu, njala yosatha, kenako pakati pa milungu iwiri ndi inayi zimayamba kuphwa. Chibaba chikabwera chimakhala mphindi zochepa nkupita, ndiye nkhondo yanu ndi ya mphindi zimenezo basi, imwani madzi, tulukani muyende, tafunani mtedza kapena nzimbe, imbirani munthu. Sankhani tsiku, vape ija musaisunge mu dilowa kuti mwina, itayeni. Mwezi woyamba malo a shisha aja musapiteko, ndipo mowa muupewe kaye chifukwa anthu ambiri amagwera pa botolo lachiwiri. Ngati mungapeze chingamu kapena zomata za nikotini kufamase, zimathandiza ndithu, inde muli nikotini koma ndi wa muyezo wotsika pang'onopang'ono kwa milungu 8 mpaka 12 kenako basi, kusiyana ndi vape yopanda tsiku lomaliza. Mukaterereka tsiku lina musati zakanika, ambiri amene anasiya anayesa kangapo.

Chibwenzi chanucho chiuzeni tsiku limene mwasankha, chiuzeninso kuti sabata yoyambayo mukhala wovuta, chikupirireni. Wometa wanu uja naye mumuthokoze, ndipo mumupemphe asamakankhire layini m'mbuyo ndi lezala pofuna kuti iwongoke, azingotsatira pomwe tsitsi lilili, apo ayi pazithunzi zanu zija simudzadziwa kuti walowa ndi dazi kapena ndi mashini.

Kumapeto kwa imelo yanu munalemba kuti mukudziona wopusa poti za khansa ndi mapapo mwakhala mukuzimva kuyambira kusukulu osatekeseka, koma tsitsi lokha ndi limene lakuopsani. Ine sindikuona chopusa pamenepo. Mapapo simuwaona, mutu mumauona m'mawa uliwonse, ndipo timitsempha tomwe tikufinyika m'mutumo ndi tofanana ndi ta mu mtima, ta mu impso, ndi ta kumalo obisika komwe, nchifukwa chake kusuta kumabweretsanso vuto la kuchipinda kwa amuna akadali achinyamata. Mwa akatswiri oyamba kulemba za fodya ndi tsitsi, awiri a ku Britain mu 1996, anafunsa okha ngati imeneyi singakhale njira yatsopano yofikira anthu osuta. Ndiye gwiritsani ntchito mantha amenewo. Pitani mukayezetse magazi sabata ino, mufunse kunyumba za mitu ya amalume, ndipo pakatha miyezi itatu mundilemberenso ndi zithunzi zija, ndikufuna ndidzamve kuti vape ija inachoka pansi pa pilo.